Za ku Salem: amene anakana kunama ndi amene ananyongedwa

Achemwali, mwafunsa kuti mwana wanu akuwerenga sewero la The Crucible ndiye mukufuna kudziwa ngati nkhani yake inachitikadi, komanso kuti zinatheka bwanji anthu opemphera ngati a Puritan kumapha anzawo powanamizira ufiti. Mundikhululukire nditalikitsa, nkhani imeneyi ine imandikhudza kwambiri.

Inachitikadi, mu 1692, pa mudzi wa Salem Village ku Massachusetts mdziko la America, pano amati Danvers. Koma muyambe mwawadziwa kaye anthuwo. A Puritan anachoka ku England, gulu lalikulu linawoloka nyanja mu 1630 ndi John Winthrop, chifukwa amaona kuti tchalitchi cha kwawo sichinayere mokwanira ndipo iwowo amasautsidwa akamayankhula. Ndiye munthu ungaganize kuti anthu othawa chizunzo akhala ndi chisoni ndi anzawo, koma ayi ndithu, ufulu omwe amaufuna unali wa iwo okha. Roger Williams anamugamula kuti achoke mu 1635 chifukwa amati boma lisamalowelere pa chikhulupiriro cha munthu. Anne Hutchinson, mzamba amene amachititsa misonkhano kunyumba kwake kukambirana maulaliki a abusa, anamuzenga mlandu mu 1637 nkumuthamangitsa. Mary Dyer wa mpingo wa Quaker anamunyonga ku Boston mu 1660 chifukwa amangobwerabe atamuletsa. Ndiye pofika 1692 anali atazolowera kale kuti wosiyana nawo maganizo ndi chida cha satana.

Zinayambira mnyumba mwa abusa amene, a Samuel Parris. Mwana wawo Betty wa zaka 9 ndi mbale wake Abigail Williams wa zaka 11 anayamba kugwa, kukuwa, kupindika thupi, nkumati pali akuwatsina ndi kuwabaya. Dokotala atalephera kupeza matenda anati pali dzanja loipa. Anawo atawapanikiza kuti ndani akukuchitani, anatchula azimayi atatu, ndipo taonani mtundu wa anthu ake: Tituba, kapolo wa mnyumba momwemo, Sarah Good wopemphapempha, ndi Sarah Osborne mayi odwaladwala amene anali atasiya kupita kutchalitchi. Onse atatu opanda owaimira kumbuyo. Mudziwo nawonso unali kale pa mpungwepungwe, banja la Putnam ndi la Porter samamwetsana madzi, anthu amakangana za malipiro a abusa mpaka za nkhuni zawo, kumpoto ku Maine kunali nkhondo ndipo othawa amabwera ndi nkhani zoopsa. Mantha anali tho.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mwana wanu amvetsetse bwino, chifukwa chomwe chinapha anthu si kukhulupirira ufiti kokha ayi, nthawi imeneyo ku Europe konse amakhulupirira ndipo vesi la Eksodo 22:18, loti mfiti isasiyidwe yamoyo, aliyense amalidziwa. Chinapha anthu ndi mmene khoti limayendetsera zinthu. Mu Meyi bwanamkubwa William Phips anakhazikitsa khoti lapadera, wamkulu wake William Stoughton, ndipo khotilo limalandira umboni woti mwana angonena kuti ndinaona chithunzithunzi cha uje chikubwera usiku kudzanditsamwitsa. Chinthu choti wina aliyense sakuchiona, nanga iwe udzikanira bwanji? Ukati ndinali kunyumba, amati thupi linali kunyumba koma mzimu unatuluka. Ukangotembenuza mutu mkhotimo atsikana aja nawo makosi amapindika, basi umboni wakwana.

Chowawa kwambiri nchakuti amene amavomera kuti inde ndine mfiti nkutchula anzake samanyongedwa, amangomusunga mundende ngati mboni. Tituba anavomera, nafotokoza za buku la satana lokhala ndi maina ena, ndipo anapulumuka. Ndiye anthu anaona msanga kuti njira yokhalira moyo ndi kunama ndi kuloza wina, mndandanda nkumangokula mpaka oimbidwa mlandu anaposa 200. Amene anafa ndi aja anati ine sindinganame pamaso pa Mulungu. Bambo wina, Samuel Wardwell, anavomera kenako chikumbumtima chitamuvuta anabweza mawu ake, anamunyonga.

Oyamba kunyongedwa anali Bridget Bishop pa 10 Juni. Koma amene amandiliza ine ndi agogo a Rebecca Nurse, a zaka 71, membala wa mpingo wodziwika ndi khalidwe labwino, anthu 39 anasainira kalata yowaikira umboni. Oweruza wamba anawapeza osalakwa, atsikana aja nkuyamba kukuwa mkhotimo, akuluakulu a khoti nkuwauza kuti akaganizenso, ndipo agogowo poti makutu samamva bwino sanayankhe funso lina lomwe anafunsidwa, ndiye oweruza aja anasintha nkuwapeza olakwa. Anawanyonga pa 19 Julayi. George Burroughs, amene anakhalapo mbusa wa mudzi omwewo, ali pa malo onyongera ananena Pemphero la Ambuye lonse osaphonya, pomwe anthu amakhulupirira kuti mfiti singathe kutero, khamu linayamba kukayika koma mbusa Cotton Mather analankhula nawo kuti satana amatha kudzisandutsa mngelo wa kuwala, ntchito nkupitirira. Giles Corey, mdala wa zaka pafupifupi 80, anakana kuti amuzenge mlandu, ndiye anamugoneka pansi nkumamusanjikira miyala pachifuwa mpaka anafa pa 19 Seputembala, patangotha masiku atatu mkazi wake Martha naye ananyongedwa. Onse onyongedwa anakwana 19, azimayi 14 ndi azibambo 5, ena osachepera asanu anafera mundende. Ngakhale mwana wa Sarah Good, Dorothy, wa zaka 4 zokha, anakhala mundende miyezi yambiri.

Ndikamawerenga zimenezi ndimakumbuka agogo anayi aja anaphedwa ku Neno mu 2016 powaganizira kuti anatumiza mphenzi yomwe inapha mtsikana, chonsecho lamulo lathu la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Oyamba kulozedwa chala amakhala omwewo, okalamba ndi osauka.

Ku Salem zinatha pamene zala zinayamba kuloza anthu apamwamba komanso abusa ena atayamba kudzudzula. Increase Mather, bambo ake a Cotton, analemba kuti ndi bwino oganiziridwa ufiti khumi apulumuke kusiyana ndi kupha munthu mmodzi wosalakwa, ndipo kumapeto kwa Okutobala Phips anathetsa khoti lija. Mu 1697 mmodzi wa majaji, Samuel Sewall, anaimirira mtchalitchi ku Boston kalata yake yovomera kulakwa ikuwerengedwa. Ann Putnam, mmodzi wa atsikana amene analoza anthu ambiri, anapepesa pamaso pa mpingo mu 1706. Mu 1711 boma linayeretsa maina ena ndi kupereka chipukuta misozi kwa mabanja. Koma Stoughton sanapepesepo mpaka kufa.

Pa za sewero lija, mwana wanu asamale polemba mayeso, asasakanize sewero ndi mbiri. Arthur Miller analitulutsa mu 1953 nthawi yomwe ku America amasaka anthu owaganizira chikomyunizimu, masiku a phungu Joseph McCarthy amene anatchuka ndi kusakako, ndipo kumenekonso kuti upulumuke umayenera kutchula anzako. Miller mwiniwake anaitanidwa ku komiti ya nyumba ya malamulo mu 1956 ndipo anakana kutchula maina. Koma kuti nkhani ikome anasintha zina, Abigail anamukweza kukhala wa zaka 17 nkumupangira chibwenzi ndi John Proctor, mmodzi wa azibambo onyongedwa aja, pomwe Proctor weniweni anali wa zaka pafupifupi 60 ndipo chibwenzi chimenecho mu mbiri mulibe. Ine pamenepa ndimadandaula pang'ono, chifukwa owerenga amatsala akuda mtsikana wansanje mmalo mwa akuluakulu ophunzira amene anasainira imfa za anthu.

Akapeza mpata awerengenso Nathaniel Hawthorne, anabadwira ku Salem komweko mu 1804 ndipo anali mdzukulu wa mu mzere wa John Hathorne, mmodzi wa omwe amafunsa anthu aja mafunso mwankhanza. Buku lake la The Scarlet Letter la 1850 silikamba za milandu ya Salem koma likuonetsa mtima omwewo, mayi Hester Prynne akukakamizidwa kuvala chilembo cha A pachifuwa chifukwa cha chigololo, pomwe mbusa amene anamupatsa mimba akulemekezedwa ndi mudzi onse.

Womaliza kuyeretsedwa dzina pa ogamulidwa ku Salem anali Elizabeth Johnson Jr., amene anagamulidwa kuti aphedwe mu 1693 ali ndi zaka 22 koma sananyongedwe. Dzina lake linaiwalika pa mindandanda yonse mpaka ana a sukulu ya ku North Andover ndi aphunzitsi awo analimbikira kulembera aphungu, ndipo boma la Massachusetts linamuyeretsa mu 2022, patatha zaka 329.