Kwa amayi a ku Kapata amene akuganiza zoimira ukhansala

Amayi, ndawerenga funso lanu mofatsa. Mwanena kuti muli ndi ana atatu a pasukulu, mwatumikira zaka zambiri m'komiti ya makolo ndi aphunzitsi komanso m'komiti ya zaumoyo ya m'dera lanu popanda malipiro, ndipo tsopano anthu akukuumirizani kuti muimire ukhansala, koma mukuopa kuti banja lingasokonekere. Ine ndinaima pandekha mu 2021 m'wodi ina kuno ku Chipata ndipo ndinagonja, choncho ndikuuzani zimene ndinaziona ndi maso anga.

Za mapepala n'zosavuta mukayamba msanga. Malamulo a dziko amafuna kuti mukhale ndi zaka zosachepera 19, satifiketi ya Giredi 12 kapena yofanana nayo, ndiponso umboni wakuti mulibe ngongole ya misonkho ku khonsolo. Mu 2021 satifiketiyo inkayenera kutsimikiziridwa ndi a Examinations Council of Zambia, amene musawasokoneze ndi a Electoral Commission of Zambia ngakhale onse timawatchula kuti ECZ. Ngati mumagwira ntchito ya boma, monga uphunzitsi kapena unamwino, muyenera kuisiya musanaime. Pa tsiku lopereka mapepala mudzafunika anthu 9 olembetsa kuvota m'wodi yanu, aliyense atanyamula NRC, chitupa cha unzika, ndi khadi lovotera. Ine ndinatenga 9 ndendende, ndipo titafika pakhomo gogo wina anapisa m'kachikwama n'kutulutsa khadi la kuchipatala m'malo mwa NRC, moti ndinatuma mnyamata wa njinga kuthamangira kunyumba kwawo ine thukuta lili kamukamu. Inu mudzatenge anthu ena apadera.

Chovuta chenicheni ndi ichi: pamene muli wodzipereka anthu amakuthokozani pa chilichonse chimene mwachita, koma tsiku limene chithunzi chanu chamatidwa pamtengo wa mango, anthu omwewo amayamba kukuwerengerani zimene simunachite. Sabata yoyamba ya kampeni ndinadzutsidwa m'bandakucha ndi abambo awiri ovala zikhoti, wina akufuna ndalama ya bokosi la maliro, wina thumba la ufa wa pasiwa, ndipo onse ananditchula kale kuti “a khansala” ndisanapeze voti ngakhale imodzi. Ndinapereka, ndipo ndalamayo inali ya yunifolomu ya mwana wanga wachiwiri. Walira mvula walira matope, n'zoona, koma matope ena ndinawalowetsa ndekha m'nyumba chifukwa ine ndi amayi a kunyumba sitinakhale pansi n'kugwirizana kuti ndalama ya kampeni ilekezera pati. Inu khalani pansi ndi abambo musanayankhe aliyense, mutchule nambala yeniyeni, ndipo ndalama ya sukulu ndi ya feteleza muziike pamene dzanja la kampeni silifika.

Muuzenso anthu poyera malire a udindowu. Ambiri anamva kuti CDF, ndalama ya boma ya chitukuko cha konsitichuwensi, inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndiye amaganiza kuti khansala amayenda nayo m'thumba. Ndalamayo ndi ya konsitichuwensi yonse, ndipo pempho la mjigo, la madesiki kapena la mwana wofuna thandizo la sukulu limadzera m'komiti ya chitukuko ya wodi, WDC, kenaka n'kukaunikidwa ndi komiti ya CDF. Ntchito ya khansala ndi kukankha mapempho amenewa, kulankhula m'misonkhano ya khonsolo za ngalande, zinyalala ndi misika, ndi kubwerera kwa anthu kukawauza zimene zavomerezedwa ndi zimene zakanidwa. Za mapuloti ndiye musalonjeze ngakhale mocheza, pakuti pamenepo ndi pamene anthu ambiri aulemu anadetsera mbiri yawo.

Ana anu adzamva zinthu. Wanga wamkulu anabwera tsiku lina osafuna kudya chifukwa anzake anamuonetsa pafoni mmene anthu ankandinyozera pa Facebook, ndipo kwa inu, poti ndinu mayi, mawu ake adzakhala oipa kuposa amene ndinalandira ine. Auzeni anawo pasadakhale, musaike nkhope zawo pa mapositala, ndipo mupeze m'bale wodalirika woona za homuweki ndi chakudya cha madzulo, popeza misonkhano yambiri imatha dzuwa litalowa.

Maganizo anga ndi akuti muime, chifukwa munthu amene anakhalapo pamzere wa kusikelo ndi amayi anzake amadziwa wodi kuposa wobwera ndi galimoto ndi zitenje. Koma musanalengeze, pitani ku Civic Centre, kumaofesi a khonsolo, mukafunse tsiku la msonkhano wa khonsolo yonse, mukakhale kumbuyo n'kumvetsera kuyambira pemphero lotsegulira mpaka kumapeto, ndipo mukamatuluka mukapemphe ku ofesi ya zachisankho mndandanda watsopano wa zofunika ndi ndalama yolembetsera, pakuti izi zimatha kusintha pa chisankho chilichonse.