Kodi ndiyambire ku kiliniki kapena ndipite kwa gaini?

FUNSO: Ndine mayi wa zaka 39 ndipo ndimakhala ku Chawama. Kwa miyezi ingapo tsopano msambo wanga ukupitirira sabata, magazi akutuluka ambiri, ena oundana, ndipo ndikumatopa ngakhale pochapa zovala zochepa. Apongozi anga akuti ndiyambire ku kiliniki, koma mnzanga wa kutchalitchi akuti ndisonkhe ndalama ndipite kwa gaini, katswiri wa matenda a azimayi, wa pulaiveti. Ndimvere ndani?

YANKHO: Mayi, mverani apongozi anu, koma musadikire kuti mwezi wina uthe. Msambo wopitirira masiku 7, kapena wokuchititsani kusintha padi maola 2 asanakwane, ndi wofunika kupimidwa, ndipo kutopa kumene mukunenako kawirikawiri kumasonyeza kuti magazi achepa m'thupi.

Zoyamba zimene gaini angafune kudziwa ndi zomwezo zimene dokotala wa matenda onse amapima: ngati muli ndi pakati, kuchuluka kwa magazi anu, ndi sikani yoona ngati m'chiberekero muli zotupa zotchedwa fibroids, zimene si khansa ndipo zimapezeka kwambiri mwa azimayi a msinkhu wanu. Adzakufunsaninso za njira yolerera, chifukwa lupu ya kopa imatha kuchulukitsa msambo, pamene jakisoni ndi impulanti zimausokoneza. Zonsezi mungaziyambire pa kiliniki ya kwanu kapena pa chipatala cha Chawama, chimodzi mwa zipatala za boma mu Lusaka pamodzi ndi za Kanyama, Matero, Chilenje ndi Chipata. Mukapita, pemphani kuti akupimeni khansa ya khomo la chiberekero. Pa njira ya viniga namwino amapaka viniga pakhomopo, malo okayikitsa amayera pakangopita mphindi zochepa, ndipo zotsatira mumazimva tsiku lomwelo.

Gaini amafunika pamene sikani yaonetsa chotupa chachikulu, pamene mankhwala alephera kuchepetsa magazi, kapena pamene pakuganiziridwa za opareshoni. Apo adzakulemberani kalata yokutumizani ku Women and Newborn Hospital ya ku University Teaching Hospital (UTH) kapena ku chipatala cha Levy Mwanawasa. Kalatayo musaione ngati chokuchedwetsani, chifukwa katswiri amene walandira mayi ali ndi zotsatira m'manja amayamba ndi chithandizo, pamene wobwera chimanjamanja amayamba wamutumiza ku labu.

Ngati thumba likulola ndipo mwasankha pulaiveti, palibe cholakwa, koma chikwangwani chachikulu pageti si umboni wa ukatswiri. Funsani ngati dokotalayo ndi wolembetsedwa ku Health Professions Council of Zambia monga katswiri wa matenda a azimayi, funsani mtengo wa kuonana naye, wa sikani ndi wa labu musanalowe, komanso ngati amalandira inshuwalansi ya boma ya zaumoyo ya NHIMA pa zimene mukufunazo. Kulikonse kumene mungapite, tengani kabuku kamene mwalembamo tsiku loyamba ndi lomaliza la msambo uliwonse ndi mapadi amene mwagwiritsa ntchito patsiku, ndipo ngati mukumwa mankhwala azitsamba munene poyera.

Pali zizindikiro zosadikira kalata: chizungulire mpaka kugwa, magazi odzaza padi ola lililonse, kapena kupweteka kwambiri mbali imodzi ya chinena msambo utadumpha, komwe kungakhale mimba yokhala kunja kwa chiberekero. Zikatere pitani ku chipatala chapafupi nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Kutuluka magazi mukakhala malo amodzi ndi bambo akunyumba, kapena mwa mayi amene anasiya kale kusamba, n'kofunikanso kupimidwa msanga ngakhale magaziwo atakhala ochepa.