Musanaitanitse board ina, tsegulani kaye soketi

Eee achimwene ndangowerenga zomwe mwalemba za vuto la makina anu a CNC, aja osema matabwa moyendetsedwa ndi kompyuta, mtima wayambiranso kuwawa. Zoti spindle (motor yozungulitsa chodulira) ikangoyaka COM port, pomwe makina amalumikizirana ndi kompyuta, nkusowa pa laputopu, kapena ALARM:1, chenjezo loti makina agunda malire, pomwe makinawo ali pakatikati pa bedi sanagunde switch iliyonse, ine zimenezi zinandidyera ndalama ndi kasitomala yemwe. Board yanu yoyendetsa makinayo sinafe ayi, musathamangire kuitanitsa ina.

Board yanga ndi Arduino Uno ya GRBL 1.1, pulogalamu yoyendetsa makina yokhala mu boardmo, chodulira ndi rauta wamba wa mabulashi. Pa paini waku Chikangawa kulumikizana ndi laputopu kukaduka ndinkangotukwana nkuyambiranso, paini sapweteka m'thumba. Koma tsiku la mlombwa lija iiii. Amayi ena a ku Katoto anabwera ndi thabwa lawolawo, lalikulu louma bwino, akuti malemu bambo awo ndi amene analisunga, ndiye amafuna ndilembepo dzina la malemuwo akalipachike kumudzi pa tsiku la chiliza. Thabwa limodzi basi, lina kunalibe. Zilembo zinkatuluka bho kwabasi, zitatsala pang'ono kutha ine ndaima pakhomo ndi kapu ya tiyi, June wa Mzuzu mukumudziwa, ndinangomva kulira kwa makina kwasintha. Ndithamange, Universal Gcode Sender, pulogalamu yotumiza ntchito ku makina, yaima zii, ma motor aima, koma rauta amayatsidwa ndi switch yakeyake GRBL ilibe naye mphamvu, ndiye ali mkati mwa thabwa akuzungulirabe pamalo amodzi, utsi uli tolotolo, fungo la mlombwa wopserera shopu yonse. Pokweza bit, kachitsulo kodulira kaja, dzenje lakuda bii pakati penipeni pa dzina la munthu. Ndiye Uno ija ukangoilumikizanso imayambira poyambirira, zero (malo oyambira ntchito) yapita, homing yoti makina azipeza okha malo awo ndinali nditaizimitsa kale poti ma switch a kumalire ankangonama. Amayi aja sanakalipe nkomwe, anangosisita dzenjelo ndi chala nkunena kuti chabwino bambo, ananyamula thabwa lawo kukwera kabaza. Bola akanandilalatira.

Kuyambira pamenepo ndinagula chilichonse chomwe anthu amanena, makebulo a USB, ma ferrite (timphete tochepetsa noise ya magetsi pa kebulo), mpaka board yachiwiri yodikirira kuchokera ku China, vuto lili pompo. Chinandiululira ndi phazi. M'mawa wina ndinalowa opanda nsapato pa simenti yonyowa, kugwira frame ndinamva kachinthu kakunyerenyetsa m'zala. Multimeter pa AC, mbali ina pa frame mbali ina pa mpopi wachitsulo wapanja, ikuwerenga kupitirira 100V. Mu power supply muja mumakhala ma capacitor otaya zinyalala za magetsi ku earth, tsono earth ikakhala palibe frame imangoyandama pafupifupi theka la 230V yathuyi, ndipo noise yochokera ku mabulashi a rauta kapena VFD (bokosi lowongolera liwiro la spindle) imasaka njira ina, njira yakenso ndi kebulo ya USB kupita ku laputopu. USB ndi ka 5V chabe, singalimbane nazo.

Nditsegule soketi, waya wa earth wobiriwira ndi chikasu uja wadulidwa, wapindidwa kuseri, sanamangidwe paliponse. Masoketi onse chimodzimodzi. Panja pomwe amati anakhoma earth rod ndinazula ndi dzanja limodzi kachitsulo kosafika ndi chigongono chomwe, kopanda waya. Mxii. Wamagetsi amene anaika mawayawa ndalama ya rod ya kopa anatenga, ya waya anatenga, ya thiransipoti anatenga, nsima ankadya pakhomo panga pomwe. Kumuimbira akuti bwana magetsi akuyaka kodi sakuyaka? akuti vuto ndi makina anu achilendowo. Akuyaka eti! Mwana akanagwira frame ija mvula ili mkati bwenzi tikukamba zina. Anthu awa amadziwa kuti earth palibe amaiona, babu imayaka ngakhale popanda iyo, ndiye ndi pomwe amabera. Mpaka lero ndikamuona ku Luwinga amawoloka msewu.

Tinakhoma rod yeniyeni, frame, bokosi la board, power supply ndi thupi la spindle chilichonse ndi waya wakewake kukumana pa bawuti imodzi, osati kulumikizana ngati tcheni, kuyeza kuchoka pa frame kufika pa pini yaikulu ya pulagi osafika 1 ohm. Kuduka kunatheratu. Onaninso ma extension a pamsika aja, ambiri ali ndi mabowo atatu koma mkati muli mawaya awiri.

Komabe inu yambani ndi kebulo ya USB, ndikudziwa ndanena kuti kwa ine sinathandize koma njotchipa. Yaifupi, mita imodzi kapena iwiri, yonenepa ya shield yokhala ndi chotupa cha ferrite kumapeto, isayende limodzi ndi waya wa spindle, zikakumana zidutsane mopingasa. Zulani charger laputopu iyende pa batire muone ngati zisintha, zikasintha ndiye kuti mwina nkhani ndi ya earth. Mu Windows zimitsani USB selective suspend ku power options, baud ikhale 115200. Yesaninso kuyendetsa file yomweyo m'mwamba spindle ili chozimitsa, ikamaliza bwinobwino mwagwira wakuba, ndi noise ya spindle.

Za ALARM:1 ndi nkhani ya ma limit switch, aja oimitsa makina akafika kumalire, mawaya ake ataliatali amatola chilichonse chifukwa pull-up, resistor ya mkati mwa Arduino yokokera pini ku 5V, njofooka. Ikani capacitor ya 100nF, kaja kolembedwa 104, kuchoka pa pini kupita ku GND (mbali ya 0V ya board), ndi resistor ya 4.7k kupita ku 5V, pa mapini a Arduino D9, D10 ndi D12, pafupi ndi board osati ku switch. Ma switch akhale NC, okhala olumikiza mpaka atagundidwa, ndipo mu GRBL mulembe $5=1, waya wa shield, shield yake mumange mbali ya board yokha. Ngati muli ndi ntchito ya mawa ingolembani $21=0 mu GRBL kuti ma limit switch asaimitsenso makina, mumalize, ine ndinayenda choncho nthawi yaitali, kungoti makina akathawa palibe chowaimitsa ndiye dzanja likhale pa switch, tiyi mumwe mukamaliza.

Wamagetsi musamukhulupirire, koma rod musakhome nokha, muitaneni ndithu wa mapepala ake ndipo muime pomwepo mpaka ayeze inu mukuona. Simunanene ngati spindle yanu ndi ya VFD, ngati ndi choncho waya wochoka ku VFD kupita ku spindle ukufunika wa shield womangidwa mbali zonse ziwiri, komanso EMI filter, chosefa noise, polowera magetsi. Ponyani chithunzi cha mkati mwa bokosi lanulo ndi cha soketi yotsegula, main switch muthimitse kaye.