Ndiwo zam'chigubu: mayankho kwa amene alibe dimba

Mafunso ambiri a mwezi uno achokera kwa anthu a m'tauni, okhala nyumba za lendi, kumene bwalo ndi la eni nyumba ndipo nkhuku za aneba sizidziwa malire. Onse akufuna kuthyola ndiwo pakhomo m'malo mothamangira kumsika tsiku ndi tsiku. Ndasankhapo angapo.

Mayi wina wa ku Ndirande wafunsa: "Ndinafesa mpiru m'beseni n'kuika pawindo la pabalaza. Unamera bwinobwino, koma watalika ngati ulusi, wayezuka, kenako wagwa wonse. Kodi anandigulitsa mbewu yabodza?"

Mbewuyo ilibe mlandu, mayi. Mpiru wanu unali kufunafuna dzuwa. Mmera ukasowa kuwala umathamangira kutalika kuti ukupeze, thunthu limawonda, masamba amachepa, mapeto ake umagwa wokha. Chimene chimatipusitsa ndi maso athu: amazolowera msanga, ndiye pabalaza pamaoneka powala, pamene kwa mbewu ndi kachisisira. Ndiwo zamasamba zimafuna dzuwa loziwomba mwachindunji maola 4 kapena 5 pa tsiku. Tomato, tsabola ndi mabiringano amafuna maola 6 mpaka 8. Nanga nyumba zathu zambirizi, windo laling'ono, denga lotulukira kunja, katani, kuphatikizapo khoma la aneba loyandikira chonchi, dzuwa lingalowere pati?

Musanagule mbewu ina, tsiku lina mukakhala pakhomo muone nthawi imene dzuwa lafika pawindopo ndi nthawi imene lachoka. Kuno kwathu, kuyambira Marichi mpaka Seputembala dzuwa limadutsa chakumpoto, makamaka mu Juni ndi Julayi, choncho windo loyang'ana kumpoto ndi limene limapindula. M'miyezi ya dzinja limadutsa pafupifupi paliwombo ndipo masana sililowa kwenikweni m'nyumba. Windo la kum'mawa limathandiza chaka chonse. La kumadzulo nalo lilibe vuto, koma mu Okutobala limawotcha, mbewu zimafota madzulo aliwonse.

Maola akapanda kukwana, musakakamire. Tulutsani besenilo pakhonde kapena pamasitepe. Ngati nkhawa ndi mbuzi ndi anthu a manja ataliatali, muzilitulutsa m'mawa n'kulilowetsa usiku. Ine ndikamati "kulima m'nyumba" nthawi zambiri ndimatanthauza khonde. Zimene zatsalira pawindo muzizitembenuza pakatha masiku awiri kapena atatu kuti zisapendekere mbali imodzi.

Bambo wina wa ku Area 25 ku Lilongwe akuti: "Ndibzale chiyani chimene sichinganditayitse nthawi?"

Bzalani zodya masamba, bambo. Zodya zipatso zimafuna dzuwa lambiri ndi dothi lakuya. Choyamba pa mndandanda wanga ndi kholowa. Simugula mbewu: pemphani timitsitsi ta mbatata, dulani totalika masentimita 25 kapena 30, kwirirani mfundo ziwiri kapena zitatu m'dothi, basi. Amapirira kamthunzi ndipo mukamathyola nsonga amaphukira kawiri. Chachiwiri ndi anyezi wamasamba. Mukagula kumsika musataye matsinde okhala ndi mizu aja. Abzaleni m'kabotolo kodula, pakatha sabata imodzi kapena ziwiri mwayamba kudula masamba. Adyo naye kachigawo kamodzi ka mutu wake kakamera kamakupatsani masamba onunkhira okometsera nyemba, ngakhale kuti m'nyumba mutu sungakule.

Mpiru, repu ndi chainizi zimachita bwino nyengo yozizira. Fesani, wokerani mbande pakatha masabata 3 kapena 4, ndipo pothyola muziyamba ndi masamba akunsi, mtima n'kuusiya. Bonongwe ndi wa pamalo otentha ndi adzuwa. Pakatha mwezi mwayamba kale kudya. Minti wa mu tiyi amagwira ndi kanthambi chabe, koma mum'patse chigubu chakechake chifukwa amalanda malo a anzake. Jinja amalola mthunzi kuposa zonsezi, kungoti amafuna kudekha: miyezi 8 mpaka 10. Mtengo umodzi wa kambuzi pakhonde ladzuwa umakwanira banja lonse ndi alendo omwe.

Nkhwani, kabichi ndi chimanga zisiyireni a kumunda. Ndinenenso mosabisa kuti zigubu zitatu sizingadyetse banja la anthu asanu ndi mmodzi. Zimangochepetsa maulendo a kumsika, makamaka masiku aja mwezi ukafika pakona.

Ambiri afunsa za zobzalamo ndi dothi. Chigubu cha malita 20 chodulidwa pamwamba, ndowa yobooka, beseni lotha ntchito, thumba la makilogalamu 50, zonsezi zimatheka. Zamasamba zimafuna dothi lakuya masentimita 15 mpaka 20, tomato ndi kambuzi 30 kapena kuposerapo. Chigubu chimene munali mankhwala a mbewu, penti, oyilo wa galimoto kapena asidi wa batire musabzalemo chakudya ngakhale mutachitsuka motani. Boolani pansi mabowo asanu kapena asanu ndi limodzi ndi msomali wotentha. Anthu ambiri amaumira chigubu chawo, safuna kuchiboola, kenako mizu imawola iwo n'kumati dothi ndi loipa.

Dothi la pabwalo palokha limagwirana ngati njerwa likalowa m'chigubu. Sakanizani magawo awiri a dothi lakuda lapamwamba, gawo limodzi la manyowa owolerana bwino ndi gawo limodzi la mchenga wa kumtsinje. Manyowa akupsa sanunkha ndipo satentha m'manja. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mizu, komanso zimaitana ntchentche m'nyumba. Ngati mwasankha thumba, imikani mzere wa timiyala pakati kuchokera pansi mpaka pamwamba kuti madzi azitsikiramo, kenako chekani timabowo m'mbali n'kulowetsamo mbande. Thumba limodzi limanyamula repu 15 kapena kuposerapo pamalo oti mpando umodzi sungakwanepo.

Mayi wina wa ku Mzuzu wafunsa ngati angathirire madzi ochapira, popeza madzi a pampopi ndi ogula.

Madzi otsukira mpunga, ndiwo ndi mbatata ndi abwino kwambiri, musawataye. Otsukuluzira zovala komaliza mungathirire apo ndi apo, pansi osati pamasamba. Koma a sopo waufa, a Jik ndi otsukira mbale zamafuta ayi. Kumunda mvula imatsuka mchere wa sopo, pamene m'chigubu umangounjikana mpaka nsonga za masamba kupserera. Za kathiriridwe, pisani chala m'dothi mpaka mfundo yachiwiri. Mukamva chinyontho dikirani mawa. Mbewu za m'nyumba zambiri zimafa ndi madzi ochuluka kusiyana ndi ludzu. Ndipo kambale kamene mwaika pansi pa chigubu muzikakhuthula: udzudzu umatha kuswana m'madzi odikha m'sabata imodzi kapena ziwiri zokha.

Funso lina landisangalatsa. Mtsikana wina akuti agogo ake amuletsa kuika mbewu kuchipinda chifukwa usiku zimalanda anthu mpweya.

Agogowo sanalakwitse kotheratu. N'zoona kuti usiku mbewu zimapuma ngati ife, koma mpweya umene zigubu ziwiri zimagwiritsa ntchito ndi wochepetsetsa poyerekeza ndi wa munthu mmodzi wogona m'chipindamo. Chimene chimapha anthu m'chipinda chotseka ndi mbaula ya makala, imene imatulutsa mpweya wapoizoni wosaoneka ndi wosanunkha. Komabe mverani agogo, tulutsani zigubuzo, pa chifukwa china: kuchipinda kulibe dzuwa.

Bambo wina wa ku Zomba akudandaula kuti tomato wake wa pakhonde lotchingidwa ndi magalasi amachita maluwa koma amangoyoyoka, komanso kunsi kwa masamba kuli tizilombo.

Duwa la tomato limadzibereketsa lokha, koma mungu umafuna kugwedezeka kuti ugwere pamalo pake. Panja ntchitoyo imagwiridwa ndi mphepo ndi tizilombo touluka. Kuseri kwa galasi gwirani ndinu: chakum'mawa dzuwa litakwera, gogodani pang'onopang'ono kamtengo kochirikiza tomatoyo kapena tsango la maluwa. Kutentha kopitirira muyezo nakonso kumayoyola maluwa, ndiye muzitsegula mawindo.

Tizilomboto ngati ndi tofewa, tounjikana kunsonga, ndi nsabwe. Ngati masamba achita timadontho toyera ndi kaukonde kopyapyala, ndi akangaude ofiira, amene amakonda malo otentha ndi ouma. Pa zigubu zowerengeka, zala ndi madzi zimakwanira: fikisani, tsukani kunsi kwa masamba, chotsani masamba ogwidwa kwambiri. Zikakanika, sungunulani kachidutswa ka sopo wamtanda kokwana supuni yaing'ono mu lita imodzi ya madzi, poperani madzulo, ndipo mubwereze pakatha masiku 5 mpaka 7. Madzi a masamba a nimu osinja n'kuviika usiku wonse amathandizanso. Mankhwala a kudimba musapopere m'nyumba mogona ana, ndipo opha mphemvu kapena osungira chimanga asayandikire ndiwo. Ngati mumasuta kapena mumagwira fodya, sambani ndi sopo musanakhudze tomato, chifukwa pali matenda ena a fodya opiringiza masamba ndi kuwachititsa mawanga amene amayenda ndi manja.

Lomaliza lachokera kutali. Achimwene ena ali ku Johannesburg, ndipo mlongo wawo ali ku London. Onse asowa bonongwe.

Achimwene, kwanuko dzuwa limakhala chakumpoto chaka chonse, choncho funani windo kapena khonde la kumpoto. Mufese kuyambira Seputembala kapena Okutobala chisanu chitatha, popeza cha mu Juni ndi Julayi chimawaula bonongwe usiku umodzi. Kwa achemwali a ku London zinthu n'zotembenuka: windo labwino ndi la kummwera, nthawi yofesa ndi Epulo kapena Meyi. Mu Disembala usana kumeneko sufika bwino maola 8, ndiye popanda nyali ya magetsi ya LED yoyaka maola 12 mpaka 14 pamwamba pa mbewu, adzangoona ulusi uja wa mayi a ku Ndirande.