Kusiyanitsa “make” ndi “do”: yankho kwa achemwali a kusukulu yamadzulo

Achemwali, mwafunsa chifukwa chimene aphunzitsi anu anakanira ziganizo zanu ziwiri, “I did a mistake” ndi “I am making my homework”, chonsecho inu munaloweza kuti “do” ndi kuchita ndipo “make” ndi kupanga. Aphunzitsiwo sanakulakwireni, chifukwa zoyenera ndi “I made a mistake” ndi “I am doing my homework”. Langizo langa ndi lakuti musiye kudalira kumasulira kumene munalowezako, popeza ndi kumene kukukusocheretsani, ndipo muyambe kuphunzira mneni aliyense pamodzi ndi dzina limene amayenda nalo.

Vutoli gwero lake lili m'kalankhulidwe kathu komwe. M'Chichewa cha masiku ano, makamaka cha m'tauni, kupanga kwalowerera paliponse: uyu akupanga geni, uyo akupanga phokoso, ndipo tikam'peza mnzathu atatanganidwa timam'funsa kuti akupanga chiyani. Munthu akalitenga funso limeneli n'kulisandutsa “What are you making?”, mwini Chingerezi amayang'ana m'manja mwake kuti aone chimene akusoka, akuumba kapena akuphika, pamene wofunsayo amafuna kunena kuti “What are you doing?”. Kuchita nakonso sikodalirika. Ife timachita mantha, timachita manyazi, timachita nsanje, timachitanso mwayi, koma pa zonsezi palibe ndi chimodzi chomwe chimene Chingerezi chimachinena ndi “do”, popeza chimati “be afraid”, “be shy”, “be jealous” ndi “be lucky”.

Lamulo lothandiza lilipo, ngakhale silifika ponseponse. “Make” amagwira pamene ntchito ikubala chinthu chimene poyamba panalibe. Telala akasoka diresi timati “she made a dress”, kalipentala akakhoma tebulo timati “he made a table”, ndipo wophika tiyi “makes tea”. Ganizo lomweli limafikanso pa zinthu zosagwirika zimene zimatuluka mwa munthu, monga “make a promise”, “make a plan”, “make a decision”, “make a noise”, “make a phone call”, komanso “make a mistake” yanu ija. “Do” amagwira pa ntchito imene munthu wapatsidwa kapena imene amaibwereza tsiku ndi tsiku, monga “do homework”, “do the washing”, “do the dishes” ndi “do your job”, ndiponso pamene ntchitoyo sinatchulidwe dzina, monga mu “do something”, “do nothing” ndi “do anything”.

Tsono pali malo amene lamuloli limakanika, ndipo pamenepo musavutike kufunafuna chifukwa chake. Kuyala bedi m'mawa ndi ntchito yapakhomo ngati kutsuka mbale, koma amati “make the bed”. Mvula yamatalala ikawononga chimanga m'munda zotsatira zake zimaoneka ndi maso, koma amati “do damage”. Wamalonda “does business” kuti pamapeto pake “makes money” kapena “makes a profit”. Munthu woyesetsa angauzidwe kuti “do your best” kapena “make an effort”, ndipo tanthauzo lake ndi loyandikana ngakhale aneni ake ndi osiyana. Izi n'zongoloweza basi, monga momwe mlendo wophunzira Chichewa amangolowezera kuti nyimbo, foni ndi ng'oma zonse timaimba.

Chimene ndingakonde kuti muchigwiritsitse kuposa mindandanda ya mawu ndi ntchito ziwiri za m'galamala, chifukwa izi sizisinthasintha. Yoyamba ndi ya “do”, amene amathandizira mneni wina pofunsa, pokana ndi potsindika: “Do you know him?”, “I do not know him”, “I do know him”. “Make” sagwira ntchito imeneyi ngakhale pang'ono. Dziwaninso kuti “did” akabwera, ndiye amene amasenza nthawi yakale, choncho mneni wotsatira amangokhala m'mene alili osasintha, n'chifukwa chake timati “Did you go?” osati “Did you went?”. Ndipo mukadzapita kukayesedwa pofunsira ntchito n'kufunsidwa kuti “What do you do?”, musadzafotokoze zimene mukuchita pa nthawiyo, chifukwa akufuna kudziwa ntchito imene mumagwira.

Yachiwiri ndi ya “make”, ndipo apa Chichewa chimakuthandizani m'malo mokusokonezani. Paliponse pamene ife timaika -itsa kapena -etsa kumapeto kwa mneni, monga kuseketsa, kudikiritsa ndi kukwiyitsa, Chingerezi nthawi zambiri chimaitana “make”: “He made me laugh”, “They made us wait”, “It made her angry”. Onetsetsani kuti pakati pa munthuyo ndi mneni wachiwiri palibe “to”, ngakhale ambiri timamva akunena kuti “He made me to laugh”. “To” amabwera pokhapokha chiganizo chikatembenuzidwa kuti wochitiridwayo akhale patsogolo, monga “We were made to wait”.

Matanthauzo ena mudzakumana nawo pang'onopang'ono. “I cannot make it on Friday” ndi kunena kuti simukwanitsa kufika Lachisanu, “She will make a good nurse” ndi kunena kuti adzakhala namwino wabwino, “That will do” ndi kunena kuti zakwana, ndipo “make do with”, m'mene aneni onse awiri ali pamodzi, ndi kugwiritsa ntchito chochepa chimene chilipo poti chabwino chasowa.

Pa kachitidwe kake, tengani kope laling'ono, tsamba lakumanzere likhale la “make” ndipo lakumanja la “do”. Mukamawerenga nyuzipepala ngati The Nation kapena The Daily Times, lembani chiganizo chonse chimene mwapezamo mmodzi mwa aneniwa, osati mawu awiri okha, kenako pangani chanu chonena za pakhomo panu kapena za kuntchito kwanu. Mukakayikira, tsegulani dikishonale ya ophunzira, monga Oxford Advanced Learner's Dictionary imene imapezekanso pa intaneti, koma musayang'ane pa “make” kapena pa “do”, chifukwa matanthauzo ake ndi ochuluka kwambiri moti mudzatopa musanapeze chimene mukufuna. Yang'anani pa dzinalo, monga “mistake”, “favour” kapena “appointment”, ndipo zitsanzo za pamenepo zidzakuonetsani mneni woyenera.

Popeza mwanena kuti mukukonzekera mayeso a MSCE, amene satifiketi yake imafuna kuti munthu akhoze Chingerezi, dziwaninso kuti mayesowo sitinena kuti “make an exam”. Kuno kwathu anthu ambiri amati “write an exam”, ku Britain amakonda “take”, “sit” kapena “do an exam”, ndipo amene “makes” kapena “sets” mayeso ndi wokonza mafunso ku MANEB, osati inu wolemba.