Kodi n'koyenera kulipira wotsogolera wanuwanu pa ulendo wa tsiku limodzi ku Mekong?

Kalata imene ndikuyankha lero yachokera kwa mayi wina amene akuperekeza amuna awo kumsonkhano mumzinda wa Ho Chi Minh City ku Vietnam. Ali ndi tsiku limodzi lokha lopuma, akufuna kukaona dera limene mtsinje wa Mekong umathira m'nyanja, ndipo akufunsa ngati kuli kwanzeru kulipira galimoto ndi wotsogolera wa iwo okha pamene basi ya gulu ndi yotchipa kwambiri. Bambowo sadya nkhumba ngakhalenso za m'madzi zopanda mamba chifukwa cha chipembedzo, ndipo akuti anena kale kuti mtsinje ndi mtsinje, palibe chomwazira ndalama.

Mayi, mawu a bambowo ndiwo andichititsa kuyankha pano m'malo mokulemberani inu nokha, chifukwa ndi mawu omwewo amene mnzanga wa kuntchito anandiuza tili mumzinda umenewo, ndipo popeza ndalama za ulendo ankasunga ndiye, tinakwera basi ya gulu.

Basiyo inatitenga m'mawa, n'kuyamba kuzungulira mahotela kutola anthu mpaka itadzaza, moti pamene tinkatuluka mumzinda dzuwa linali litakwera kale. Kukafika ku My Tho, tauni imene maulendo ambiri otere amayambira, ndi makilomita pafupifupi 70, ndipo msewu waukulu wopita ku Trung Luong, pafupi ndi My Tho, umene unatsegulidwa mu 2010 unafupikitsa ulendowu kwambiri. Kufupikako ndiko kumachititsa kuti mabasi onse afike pamalo amodzi pa nthawi imodzi. Aliyense wa ife anamatidwa kapepala pachifuwa kuti tisasokonekere ndi a basi zina, wotsogolera ali patsogolo ndi kambendera. Pakachisi wa Chibuda wa Vinh Trang, womangidwa m'zaka za m'ma 1800, tinaima nthawi yongokwanira kujambula chithunzi ndi kupita kuchimbudzi. Kenako boti la injini linatiwolotsera pa Thoi Son, chimodzi mwa zilumba zinayi zimene zili pakati pa mtsinje wa Tien, womwe ndi nthambi ya Mekong.

Pachilumbapo anatipatsa tiyi wa uchi wofinyiramo kandimu, wokoma ndithu, koma tisanamalize kumwa, mabotolo a uchi anali atandandalikidwa kale patebulo pamodzi ndi mitengo yake. Anationetsa momwe amaphikira maswiti a kokonati, kuwiritsa mkaka wake ndi shuga ndi chimera mpaka ulimbe, atsikana n'kumadula ndi kukulunga chidutswa chilichonse m'kapepala kopyapyala ka mpunga kamene amadyera kumodzi ndi switiyo. Ntchitoyo ndi yeniyeni ndipo manja awo amathamanga modabwitsa, koma tinaiona kwa mphindi zochepa, ndipo njira yotulukira inkadutsa m'sitolo. Panalinso nsato yoti aliyense wofuna aikoleke m'khosi kuti ajambulidwe.

Chimene chinandipweteka mtima ndi nyimbo. Tikudya zipatso, oyimba anabwera kudzatiyimbira don ca tai tu, mayimbidwe a anthu a kummwera kwa Vietnam amene bungwe la UNESCO linawaika pamndandanda wa chikhalidwe choyenera kusungidwa mu 2013. Mayi wachikulire anali pakati pa nyimbo pamene wotsogolera wathu anakweza kambendera, ndipo gulu lonse linanyamuka n'kumusiya akuyimbira mipando. Iye sanadabwe, ndipo ndinazindikira kuti zimenezi zimamuchitikira tsiku ndi tsiku. Pomaliza anatikweza m'mabwato opalasa, atativeka zipewa zosongoka zija, n'kulowa mumfuleni wa migwalangwa ya m'madzi m'mene mabwato anali atapanikizana mpaka kumagundana. Posakhalitsa tinali titatsika, opalasa akudikira kangachepe.

Sindikunyoza anthu a pachilumbapo, pakuti ndi mmene amapezera chakudya cha ana awo, ndipo munthu amene ndalama zake zangokwanira basi ya gulu akwere, adzaona madzi ndi mitengo yobiriwira. Koma ndikukana kuti ulendo umenewo umamuonetsa munthu Mekong. Dera limene mtsinjewu umathira m'nyanja ndi lalikulu pafupifupi masikweya kilomita 40,000, mumakhala anthu oposa 17 miliyoni, chiwerengero chofanana ndi cha Amalawi onse pa kalembera wa 2018, ndipo mpunga woposa theka la umene dziko la Vietnam limakolola umachokera kumeneku. Kutenga munthu n'kumuzungulitsa pachilumba chimodzi chokonzedwera alendo, kenako n'kumuuza kuti waona derali, ndi kumunamiza.

Nditapezanso mpata wopita ku Vietnam ndinalipira ndekha galimoto ndi wotsogolera, mtsikana wobadwira ku Ben Tre, tsidya lina la mtsinje womwewo. Tinanyamuka kusanache, ndipo pamene mabasi ankatola anthu m'mahotela ife tinali titakhala kale patimipando tapulasitiki pafupi ndi msika wa My Tho, tikudya hu tieu, msuzi wotentha wokhala ndi tizingwe ta ufa wa mpunga timene tauniyi imatchuka nato. Tinawoloka mlatho wa Rach Mieu, umene unatsegulidwa mu 2009 pamalo pamene kale anthu ankawoloka pa pantoni, n'kulowa m'dziko la kokonati. Kumeneko galimoto inatisiya, tinayenda panjinga m'tinjira ta simenti ta pakati pa minda, tikuwoloka timilatho topapatiza, mpaka pabwalo lina m'mphepete mwa madzi pamene maboti ankatsitsa kokonati milumilu.

Pabwalo limenelo ndinakhalapo nthawi yaitali, ndipo palibe amene anandifulumizitsa. Mwamuna amaima pafupi ndi chitsulo chosongoka chozikidwa pansi, amabaya kokonati pachitsulopo, kupotoza, kubayanso, ndipo khungwa lonse limachoka munthu usanathe kuona bwino chimene wachita. Makungwawo amapita kumakina opanga zingwe ndi zopondera pakhomo, zigoba amawotcha makala, madzi amawasunga padera, ndipo mnofu woyera uja amayi amausenda ndi timipeni tawo atakhala pansi mozungulira. Ndinafunsa mafunso ambiri, ena opanda pake, wotsogolera akumasulira, ndipo ogwira ntchitowo nawonso anali ndi awo okhudza kumene ndinachokera ndi zimene timalima. Ulendo wa pabwato anaukonza molingana ndi madzi, chifukwa mifuleni ya kumeneku imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku potsatira nyanja, ndipo ukafika madzi ataphwa umangoona matope. Tinalowa madzi atakwera, namasupuni akuyandama kulowera kumtunda, mumfuleni monse mulibe bwato lina.

Nkhomaliro tinadyera pakhomo pa banja lina limene limalandira alendo ochepa. Anabweretsa nsomba yotchedwa ca tai tuong, yokazingidwa yathunthu ndi mamba ake mpaka mambawo atatukuka ndi kuuma, itaimikidwa chilili pakati pa timitengo. Mayi wa pakhomopo anandionetsa kadyedwe kake: umanyowetsa pang'ono kapepala ka mpunga, umaikapo masamba onunkhira, kachidutswa ka chinanazi ndi nkhaka, umabenthula mnofu wa nsomba, n'kukulunga, kenako n'kuviika mumsuzi wa bwemba. Panalinso canh chua, msuzi wowawasa wa bwemba, chinanazi, tomato ndi therere, ndiponso mpunga wambiri. Nsomba yomweyi amaperekanso pa maulendo a gulu, koma kumeneko imafika itazizira chifukwa amakazingiratu zambiri, ndipo wantchito amakukulungira mofulumira n'kupita patebulo lina.

Tikudya ndinafunsa za mitsuko ikuluikulu ya simenti imene inandandalikidwa kuseri kwa nyumba, ndipo funso limeneli ndilo linatsegula nkhani imene ndimaikumbukirabe. Mitsukoyo ndi yosungira madzi a mvula, chifukwa m'nyengo yachilimwe madzi a mchere a m'nyanja amakwera m'mitsinje. M'chaka cha 2016 ndi cha 2020 mcherewo unalowa kutali kwambiri, moti ku Ben Tre madzi a m'mipopi anali amchere, anthu ankagula madzi abwino, ndipo mitengo ya zipatso inauma m'minda yambiri. Kokonati imapirira mchere kuposa mitengo ina, komabe zipatso zake zimachepa msinkhu. Zifukwa zake ndi zingapo ndipo zimathandizana. Mekong amachokera kumapiri a Tibet n'kudutsa China, Myanmar, Laos, Thailand ndi Cambodia asanafike ku Vietnam, ndipo madamu a magetsi amene amangidwa kumtunda, monga a ku China ndi la Xayaburi ku Laos limene linayamba kugwira ntchito mu 2019, amasintha kayendedwe ka madzi ndi kutsekereza dothi limene kale linkabwera ndi madzi osefukira kudzakweza nthaka. Mchenga wa pansi pa mtsinje ukukumbidwa kuti ukamangire mizinda, magombe akugumuka, nthaka ikutsika chifukwa chopopa kwambiri madzi a pansi, pamene dera lonseli latalikira pamwamba pa nyanja ndi pafupifupi mita imodzi yokha. Zonsezi munthu angaziwerenge, koma zimamveka mwina pamene mwini munda akukulozera ndi chala pamene mchere unafika.

Apa ndiye pali maganizo anga, ndipo sindiwafewetsa. Chimene mumagula mukalipira wotsogolera wanuwanu si mpando wofewa wa galimoto. Mumagula ufulu wonyamuka m'mamawa, wokana malo amene simukuwafuna, wokhalitsa pamene pakusangalatsani, ndi munthu amene angamasulire funso lanu kwa mlimi. Makampani ambiri amagulitsa ulendo umene amautcha wapadera koma ndi wa gulu womwe uja, uchi womwewo, nsato yomweyo, mfuleni womwewo, kusiyana kwake n'kwakuti mwafika pagalimoto yaing'ono. Ulendo wotero ndi woipa kuposa wa basi, chifukwa mwalipira kangapo chinthu chomwecho, ndipo ine ndimautcha kuba.

Za chakudya cha bambo

Pa nkhani iyi yokha ulendo wa gulu ungakuvuteni, chifukwa chakudya chimakhala chokonzedweratu ndipo wotsogolera mmodzi sangafunsire munthu mmodzi pa mbale iliyonse. Nkhumba ndi tinkhanu ta m'madzi zimabisala m'zakudya zambiri za kummwera kwa Vietnam. Msuzi wa hu tieu amauwiritsa ndi mafupa a nkhumba, choncho kuchotsa nyama pamwamba sikuthandiza. Banh xeo, chitumbuwa chachikulu chopyapyala cha ufa wa mpunga, nthawi zambiri chimakhala ndi nkhumba ndi tinkhanu mkati. Canh chua kawirikawiri amaphikira nsomba za mtundu wa mlamba, zopanda mamba, ndipo nsomba yophikidwa mumphika wadothi, ca kho to, nthawi zambiri imakhalanso ya mtundu womwewo, ena amathiramo mafuta a nkhumba. Ca tai tuong ili ndi mamba, chimodzimodzinso ca loc, imene amaiwotcha yathunthu m'mapesi a mpunga, koma mufunse mafuta amene akazingira. Msuzi wa nsomba wotchedwa nuoc mam, umene umapezeka patebulo lililonse, amaupanga kuchokera ku tinsomba ta m'nyanja ndi mchere, ndipo ndi wosiyana ndi mam tom wopangidwa ndi tinkhanu. Chopulumutsa china n'chakuti Abuda ambiri amasala nyama masiku ena a mwezi, kotero malo ogulitsa chakudya chopanda nyama, olembedwa kuti chay, amapezeka m'tauni iliyonse. Zonsezi muuze kampaniyo polemba, masiku angapo ulendo usanafike, kuti banja lophika lidziwiretu.

Mudzaonanso zithunzi za msika wa pamadzi wa Cai Rang ku Can Tho, kumene ogulitsa amapachika chinanazi kapena dzungu pansonga ya nsungwi kuti ogula aone kutali chimene boti lanyamula, ndipo mtima udzafuna. Can Tho ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 170 kuchokera ku Ho Chi Minh City ndipo msikawo umatentha m'bandakucha, ndiye kuti pa tsiku limodzi muyenera kunyamuka pakati pa usiku n'kuthera maola ambiri mumsewu. Komanso misika imeneyi ikuchepa chaka ndi chaka chifukwa misewu ndi milatho, monga wa Can Tho umene unatsegulidwa mu 2010, zachititsa kuti katundu aziyenda pamalole. Wa ku Cai Be, umene makampani ena amaulengezabe, watsala ndi maboti owerengeka. Amene akufuna Cai Rang akagone ku Can Tho, ndipo inu mulibe usiku woterowo.

Choncho, Mayi, lipirani wanuwanu, koma musanapereke ndalama funsani kuti akulembereni malo onse amene mudzaime. Mukaona Thoi Son, uchi ndi nsato, pemphani njira ya mkati mwa Ben Tre, ndipo akakana funani ena. Funsani ngati wotsogolera ndi wa m'deralo, ngati munganyamuke kusanache, ngati nkhomaliro ndi ya pakhomo pa banja, ndiponso ngati m'boti muli majekete oyandamitsa. Tengani ndalama zing'onozing'ono za dong kuti opalasa ndi oyimba muwapatse m'manja mwawo. Ngati msonkhanowo uli pakati pa Meyi ndi Novembala, imeneyo ndi nyengo ya mvula, imene kawirikawiri imagwa yamphamvu masana n'kukata msanga, choncho za pabwato ndi panjinga zikhale za m'mawa, ndipo bambo asavale nsapato zawo za kumsonkhano.