Funsani Azakhali: Mwana wanga amagenda agalu, nditani?

Azakhali, ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Area 25 ku Lilongwe. Mwana wanga wamwamuna wa zaka 8 akangoona galu basi watola mwala, olo galuyo akungodzidutsira. Ndakalipa mpaka ndatopa. Mnzanga wa kutchalitchi akuti ndizipanga naye zinthu zoti aziseweretsa agalu aja amasungidwa kumalo osamalira ziweto zopanda mwini, pogwiritsa ntchito zinthu zakutha za mnyumba, eti mwana amaphunzira chifundo. Zoona zimenezi? Ndalama zogulira zinthu ine ndilibe.
Mayi odandaula, Area 25

Zikomo mayi polemba. Mnzanuyo sananame, koma tiyambe ndi mwalawo. Ana ambiri amagenda chifukwa cha mantha, ena amangotengera ife akuluakulu, galu akayandikira pomwe tikutsuka mbale timakuwa kuti choka apa nkumuponyera chikuni, mwana ali pompo akuona. Nde mufunseni kaye mofatsa ngati galu wina anamuthamangitsapo kapena kumuluma, chifukwa ngati ndi mantha kukalipa kungowonjezera.

Malo amene akunena mnzanuwo alipo ndithu. Ku Lilongwe konko kuli LSPCA, bungwe lomwe linayamba mu 2008, amatola agalu ndi amphaka otayidwa kapena ovulala nkuwasamalira mpaka atapeza mwini watsopano. Ku Blantyre kuli BSPCA, nalonso ndi bungwe losamalira ziweto. Galu wa kumalo otere amakhala nthawi yaitali mkhola osowa chochita, nde amafuna chotafuna, komanso pogona pofunda makamaka mu June ndi July kukamazizira.

Simukufunika olo kwacha imodzi. Tengani malaya akutha aja a kaunjika amene mwana anakula nawo, muwachape ndi sopo, muwayanike padzuwa, muchotse mabatani ndi zipi zonse. Dulani nsanza zitatu zazitali, iliyonse yotambalala ngati zala zitatu, mangani mfundo kumutu, kenako mwanayo aluke yekha mmene timalukira tsitsi, kumapeto amangenso mfundo ina yolimba kwambiri. Chatuluka chingwe choti galu azitafuna komanso kukokerana ndi anzake. Chikakhota musamukonzere, chisiyeni choncho, ndi ntchito yake. Tayala lakutha limakhala bedi labwino, mungoliboola mmunsi kuti madzi asadikhemo nkumaswana udzudzu, mulitsuke, muikemo bulangete lakale. Mphaka ndiye sachedwa, katoni yoboola khomo kutsogolo basi, amphaka akakhala ndi mantha amafuna pobisala.

Koma chonde mpira wa majumbo uja ana amamanga ayi, galu amaung'amba nkumeza mapulasitiki, amakatseka mmatumbo mpaka kufa nako. Thumba lomwe munali feteleza kapena chimanga chothira mankhwala a anankafumbwe nalonso ayi. Ulusi ndi timphira musapatse mphaka, amameza.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse. Mwana atha kuluka zingwe teni mawa lake nkugendanso galu wa aneba, ngati mwangomupatsa ntchito ngati homuweki. Chomwe chimamusintha ndi macheza amene mukucheza naye manja ali pa nsanzazo. Mufunseni, kodi iwe ukuganiza kuti galu amene akugona pasimenti usiku wa June amamva bwanji? Nanga amene mwini wake anasamuka nkumusiya pageti, amadikira ndani? Akakhala chete musamuyankhire, msiyeni aganize, olo ayankhe zoseketsa. Mufunsenso chifukwa chomwe mwachotsera mabatani, apeze yekha kuti galu atha kutsamwa. Mwana amene wayamba kuganizira pakhosi pa galu wayamba kumuona ngati chinthu chomva ululu, ndipo ine ndimaona kuti pamenepo mpomwe dzanja limayamba kulemera kutola mwala.

Musanapite kukapereka imbani kaye foni, mufunse zomwe akulandira nthawi imeneyo komanso ngati ana amaloledwa kulowa, chifukwa pena pamakhala matenda a tiana ta agalu nde salandira nsalu zochokera kunja. Akalola, mwanayo apereke ndi manja ake, aone galu akununkhiza chingwe chake. Ngati transipoti yavuta musadandaule, galu wa aneba uja womangidwa tsiku lonse padzuwa akufunikanso mthunzi ndi madzi, pemphani eni ake, chigubu chodula pakati chimakhala mbale ya madzi ndipo mwana azikadzadzamo mmawa uliwonse inu muli pomwepo.

China chomwe sindingasiye, chiwewe chilipo kuno kwathu ndipo chimapha, ambiri olumidwa amakhala ana. Nchifukwa chake a bungwe la Mission Rabies akhala akubaya agalu katemera ku Blantyre kuyambira 2015 komanso kuphunzitsa ana msukulu. Muuzeni mwana kuti chifundo sikugwira galu aliyense wa mumsewu. Galu amene akudya, akugona kapena ali ndi ana asamugwire, ndipo galu akamuthamangira asathawe, aime chilili manja ali mmbali, osamuyang'ana mmaso. Akalumidwa kapena kukandidwa tsukani balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15 kenako kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti muone kaye mmene galuyo akhalire.